Kuchokera pa Wailesi ya Sefuliya Kufika pa Foni ya M'manja: Zipangizo za M'makomboni a ku Selous

Munthu wochoka ku Harare kulowera ku Bulawayo, akayenda makilomita oposa 70, amafika pa Selous, kamalo koti ukaphethira wakapitirira. Dzinali ndi la mlenje wa ku Britain, Frederick Courteney Selous, amene mu 1890 analondolera gulu la Cecil Rhodes polowa m'dziko la Amashona. Patsogolo pake pali Chegutu, kenako Kadoma, matauni omwe mpaka 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma. Lero Selous amadziwika ndi ng'anjo ya kampani ya Zimplats, kumene amasungunulira miyala ya pulatinamu yochokera ku migodi ya ku Ngezi. Pulatinamu wambiri amakathera m'zipangizo zoyeretsa utsi wa galimoto, koma wina amakalowa m'kompyuta, poti mbale zozungulira za hard disk, zosunga zithunzi ndi makalata, amazikuta ndi chitsulo chosakaniza cobalt, chromium ndi pulatinamu. Choncho nthaka ya kuno yakhala ikudyetsa makompyuta a dziko lonse, pamene mwana wa pakomboni yoyandikana ndi ng'anjoyo mwina sanagwirepo kompyuta n'kamodzi komwe. Ambiri akamva zimenezi amafulumira kunena kuti vuto ndi umphawi basi. Umphawi ulipodi, koma mbiri ya zipangizo m'derali ikuonetsa china choonjezera. Kuyambira m'ma 1940, chipangizo chimene chinkazika mizu m'makomboni si chimene chinali chanzeru kuposa zinzake ayi. Chinali chimene chinkagwirizana ndi moto umene anthu anali nawo, chotheka kukonzetsa pafupi, komanso chobweretsa mawu a kumudzi. Malire a chipangizo kawirikawiri sakhala m'kati mwake, amakhala m'zinthu zochizungulira, ndipo wogula wosayang'ana zimenezi amataya ndalama.

Tiyambe ndi anthu ake. Migodi ya golide ya m'chigawochi, monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, Giant ku Gadzema ndi Golden Valley, pamodzi ndi mafamu a fodya, chimanga ndi thonje, zinadalira kwambiri manja a anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Kumudzi ankangoti apita ku Halale. Amashona anawapatsa dzina loti Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthuyo atakhala wa ku Dedza kapena ku Mangochi. Anabwera ndi Gule Wamkulu, mizikiti ndi mipingo yawo, ndipo Chinyanja chinasanduka chilankhulo cha pakomboni. Chimene chinkawasowa kwambiri chinali uthenga. Kalata inkayenda masabata, yolembetsa kwa kalaliki kapena mphunzitsi, ndipo inkatha kufika maliro atayikidwa kalekale. Amene anasiyiratu kulemba ndi kubwerera ndiwo ankatchedwa matchona. Njala ya uthenga imeneyi ndiyo ikutithandiza kumvetsa chifukwa chimene anthu olandira mashelleni ochepa pamwezi ankalolera kudzimana kuti agule kabokosi kolankhula.

Kabokosi koyamba kanali ka sefuliya. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, maboma a atsamunda anagwirizana kuti nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, iziulutsira anthu akuda a kuno, a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, m'zilankhulo monga Chinyanja, Chibemba, Chishona ndi Chindebele. Mkulu wake, Harry Franklin, anaona kuti kuulutsa n'kopanda phindu ngati omvera alibe chomverera. Anayendayenda kufuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa, mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special. Thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Timabowo take anatseka ndi kaukonde kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe. Inkagwira masiteshoni a kutali pa shortwave, ndipo inkakhala pamwamba pa batire lalikulu lomwe linkatha pakapita maola pafupifupi 300. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire paundi imodzi ndi mashelleni 5. Taganizani za madzulo pakomboni ya famu: anthu atazungulira sefuliyayo, mwini wake yekha ndiye wololedwa kupotokola kachitsulo, pologalamu ya Zimene Mwatifunsa ikuwerenga mayina a otumiza moni, wina akudikira kuti mwina amva dzina la mudzi wa kwawo, kenako nyimbo ya Alick Nkhata. Nkhani zikatha wailesi ankaizimitsa msanga, poti ola lililonse linali ndalama.

Ever Ready inali kampani ya mabatire, ndipo apa pali phunziro limene silinakalambe. Wailesi unkagula kamodzi, batire unkagula moyo wonse. Mtengo weniweni wa chipangizo si umene walembedwa pa shelefu koma umene udzakhale ukulipira mwezi ndi mwezi kuti chisakhale chete. Komabe sefuliya inapambana chifukwa oipanga anayamba aganizira za nyumba yopanda magetsi, fumbi ndi tizilombo, kenako n'kupanga chipangizo chokwana m'menemo. Mawailesi apamwamba a m'nyumba za azungu ankamveka bwino kuposa iyo, koma pakomboni akanangokhala chokhalira.

Transistor, imene anaitulukira ku Bell Laboratories mu 1947, inachepetsa njala ya moto ya mawailesi, moti pofika m'ma 1960 wailesi inkatha kulira ndi mabatire a tochi ogula pa sitolo ya pafamu. Ku Bulawayo kampani ya Supersonic inkapanga mawailesi ndi magumbagumba, ndipo munthu wobwerera kumudzi atanyamula Supersonic, njinga ndi jekete ankaoneka kuti sanapite pachabe. Ku Blantyre nako kunabwera wailesi ya Nzeru. Usiku, mlongoti ukaukoka bwino, wailesi ya ku Malawi ya MBC inkamveka pa shortwave. Kanema anayamba ku Salisbury, Harare wa lero, mu 1960, zaka 39 Malawi asanakhale ndi wake, koma pakomboni sanatanthauze kanthu, poti ankafuna magetsi a pakhoma. Kaseti ndiyo inalowa paliponse, ndipo inanyamula nyimbo za sungura za ana a m'mafamu omwe makolo awo anachokera ku Malawi, monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene ankaponyamo ndi Chichewa. Nthawi yomweyi inaonetsanso malire a mtundu wina, oikidwa dala. M'zaka za nkhondo ya ufulu, boma la Ian Smith linalimbikitsa mawailesi otchipa a FM yokhayokha, kuti anthu asamve mawu a omenyera ufulu ochokera ku Maputo ndi Lusaka pa shortwave. Kunja wailesiyo inali ngati inzake, koma makutu ake anali odulidwa. Ndipo boma la ufulu nalo, chisankho cha 2013 chili pafupi, linatuma apolisi kulanda mawailesi a shortwave opukusa ndi a sola. Wogula ayenera kufunsa zimene chipangizo chimachita, komanso zimene achiletsa kuchita.

Kompyuta inalowa m'derali kudzera pakhomo la ofesi. Inayamba kuwerengera malipiro m'migodi, m'mabanki ndi m'mafakitale ngati a nsalu a David Whitehead ku Chegutu ndi Kadoma, ndipo wantchito wamba ankangokumana nayo pa kapepala ka malipiro. IBM itatulutsa kompyuta ya pa desiki mu 1981, mitengo inayamba kutsika padziko lonse, koma zaka zimene ikanafika m'manja mwa anthu wamba kuno ndi zomwe zinthu zinasokonekera. Mgodi wa pulatinamu wa Hartley, umene kampani ya BHP inathirapo ndalama zankhaninkhani, unatsekedwa mu 1999. Kuyambira 2000 mafamu analandidwa, ndipo antchito ambiri a m'makomboni, amene analibe mudzi wothawirako, anataya ntchito ndi pokhala pomwe. Mu 2008 ndalama inasanduka mapepala. M'katikati mwa zimenezi, Pulezidenti Robert Mugabe ankayenda m'masukulu kugawa makompyuta, ndipo ena anakafika m'masukulu opanda magetsi, n'kukhala m'makatoni. Cholinga cha mphatsozo sindikuchinyoza. Koma zinasiyana ndi nzeru ya sefuliya: anayamba ndi chipangizo, za nyumba yochilandira n'kuganiza pambuyo.

Imene inatenga ufumu wa sefuliya ndi foni. Kampani ya mafoni ya NetOne inayamba mu 1996, Econet ya Strive Masiyiwa mu 1998 itatha milandu ya zaka zingapo yolimbana ndi boma. Poyamba layini inali ya mabwana, ndipo m'zaka za mavuto inkagulitsidwa mobisa pa mtengo woopsa. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, mtengo wa layini unagwa, mafoni otchipa a ku China anasefukira, ndipo mu 2011 kunabwera EcoCash, yotumizira ndalama pafoni. Kenako WhatsApp inamaliza ntchito imene kalata inkalephera: uthenga wa maliro wochokera ku Ntcheu umafika ku Chakari thupi lisanasambitsidwe. Mafoni a Tecno ndi itel, a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, anapambana mu Africa pa chifukwa chomwe chija cha Ever Ready. Ali ndi malo a malayini awiri poti netiweki imodzi sigwira paliponse, batire lokhalitsa, tochi ndi wailesi ya FM. Foni ya masiku ano ndi kompyuta yathunthu. Hard disk yoyamba ya IBM mu 1956 inkasunga pafupifupi ma megabyte 5 ndipo inkalemera pafupifupi tani imodzi. Lero chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa ukwati zikanaidzaza.

Koma pali mpanda wina umene anthu a m'makomboni amaudziwa kuposa wina aliyense, ndipo sugulidwa m'sitolo. Layini ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, chimodzimodzinso akaunti ya ndalama za pafoni. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a anthu obwera opanda dziko, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira ku Kadoma ndipo Malawi sanamuonepo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe pepala limabala pepala: mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake chikalata cha kubadwa, ndipo mwanayo akakula amalembetsa layini m'dzina la mnansi. Ndalama zake zimakhala m'dzina la wina, ndipo foni ikabedwa sangathe kukabwezeretsa nambala yekha. Palibe foni yodula imene ingachize zimenezi. Kwa munthu wotere, ulendo wa ku ofesi ya zitupa ndi waphindu kuposa foni yatsopano.

Nkhani ya moto nayo sinathe. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, n'kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Ngakhale Zimplats, ndi chuma chake chonse, inaona kuti kampani ya magetsi ya ZESA yokha siyokwanira: imagula magetsi ena kunja, ndipo inamanga munda wa sola wa ma megawatt 35 pa Selous pomwepo. Ngati ng'anjo ikudzifunira moto wake, kuli bwanji banja? N'chifukwa chake funso loyamba pogula kompyuta si la dzina lake koma la kumene idzadye. Kompyuta ya pa desiki imazima nthawi yomwe magetsi azima, ndipo ntchito yosasungidwa imapita. Laputopu ili ndi batire lake, imadya moto wochepa, ndipo sola yapakatikati yokhala ndi batire ndi inverter imaikwanitsa. Choopsa china ndi mphindi imene magetsi akubwerera, chifukwa amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira n'kuwotcha tchaja kapena bolodi. Kachipangizo koteteza ku zimenezi n'kotchipa kuyerekeza ndi chimene kakuteteza, ndipo kuzula pulagi magetsi akazima kapena mphezi zikayamba n'kwaulere.

Makompyuta ambiri ogulitsidwa ku Harare, Chegutu ndi Kadoma ndi akaunjika, otsika m'maofesi a ku Ulaya, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Laputopu yakale ya mu ofesi, monga ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell kapena EliteBook ya HP, nthawi zambiri imalimba kuposa yatsopano yotchipa yonyezimira, imatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo zipangizo zake amakaniki ali nazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoti muyang'ane n'zochepa. RAM isachepere ma gigabyte 8. Chosungira chikhale SSD osati hard disk, chifukwa SSD ilibe mbale yozungulira, imathamanga, ndipo siifa ndi mabampu a msewu wafumbi; n'zoseketsa kuti malangizo abwino kwa munthu wa ku Selous ndi oti apewe chipangizo chomwe muli chitsulo cha kwawo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo, choncho mawu oti "Core i5" paokha sakunena kanthu mpaka mutadziwa m'badwo wake. Makina akale kuposa pamenepo angagwirebe ntchito ndi Linux, koma mtengo wake utsike. Musanapereke ndalama, zulani tchaja muone ngati batire likupirira, dindani batani lililonse, ndipo funsani kuti ikafa sabata yamawa mudzampeza kuti wogulitsayo. Wa pa tebulo la m'mbali mwa msewu mawa sadzakhalapo.

Pa foni, anthu amakopeka ndi kuchuluka kwa maso a kamera kumbuyo, chonsecho pa mafoni ena otchipa maso enawo ndi ongokongoletsa. Chofunika ndi batire, malo osungira, ndi kupezeka kwa galasi lake likasweka. Kudinda *#06# kumaonetsa nambala ya IMEI, imene iyenera kufanana ndi ya pa bokosi. Zikasiyana, foniyo ndi yokayikitsa. Makadi osungira achinyengo nawo ndi ambiri: amalembedwa kukula kumene alibe, ndipo amameza zithunzi mwakachetechete. Batire la lithium limafooka likatchajidwa maulendo mazana angapo, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga, moti foni yosiyidwa padzuwa pambali pa sola m'mwezi wa October ikudzikumbira manda. Ndipo monga zinalili ndi sefuliya, bandulo ya mwezi ndi mwezi ndiyo batire la Ever Ready la masiku ano. Pakatha zaka ziwiri, ndalama za bandulo zikhoza kuposa mtengo wa foni yotchipa.

Wina atsutsa kuti maganizo amenewa ndi ophunzitsa osauka kukhutira ndi zochepa, ngati mmene atsamunda ankanenera kuti sefuliya ndi yokwanira munthu wakuda. Kutsutsa kumeneku kuli ndi mano, ndipo mbali ina n'koona. Foni ndi yabwino polandira ndi potumiza, koma mwana sangaphunzirepo bwino kulemba lipoti lalitali, kuwerengera pa spreadsheet kapena kulemba mapulogalamu. Ntchito za pa ng'anjo ya Selous zimayendetsedwa ndi makompyuta, ndipo mwana wodziwa WhatsApp yokha adzathera pa geti. Choncho kompyuta ndi yofunikadi. Chimene ndikukana ndi dongosolo loyambira kumapeto. Sukulu yokhala ndi malaputopu khumi akaunjika, sola, mphunzitsi wodziwa ndi munthu wokonza, idzatulutsa ana odziwa kompyuta kuposa sukulu yolandira makina makumi anayi atsopano opanda poyatsira. Kuyang'ana malire si kuwagonjera, ndi kudziwa mpanda umene uyenera kugwetsedwa poyamba. Cholakwa cha atsamunda sichinali kupanga wailesi yokwana pakomboni, chinali kusiya komboniyo yopanda magetsi dala kwa zaka makumimakumi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi mbiri chabe, poti sola yatchipa, intaneti ya Starlink inaloledwa mu Zimbabwe mu 2024, ndipo makina amanka natchipa chaka ndi chaka monga ananenera Gordon Moore mu 1965, kuti ma transistor okwana pa kachipangizo kamodzi azichulukirachulukira. Zoona, sola yasintha zinthu kuposa mphatso iliyonse ya boma. Koma chimene chimatchipa mofulumira chotero ndi ubongo wa makina wokha. Batire, waya wa kopa, ulendo wa minibasi wopita kwa makaniki ndi malipiro a mwezi a intaneti sizitsatira lamulo la Moore. Komanso mapulogalamu amanenepa pamodzi ndi makina, moti foni yomwe inali yokwanira zaka zisanu zapitazo lero imadzaza ndi WhatsApp yokha, ndipo kampani ikasiya kusamalira mtundu wakale, foni yamoyo imasanduka yakufa popanda chothyoka. Nayo intaneti ili ndi mwini chozimitsira: mu January 2019 boma linalamula makampani kuitseka dziko lonse kwa masiku angapo, ndipo foni yodula ndi yotchipa zinakhala chete mofanana.

Palinso funso limene limabwera lokha munthu akaona malole a miyala akulowa pa Selous: bwanji osapanga makompyuta konkuno? Yankho lake ndi losakoma. Chotuluka m'ng'anjoyo si pulatinamu woyera koma chosakaniza chotchedwa matte, chimene chimapita ku South Africa kukayengedwa ndi Impala Platinum, mwini wamkulu wa Zimplats. Ngakhale atayengera konkuno, zomwe zingakhale zabwino pa ntchito ndi misonkho, pulatinamu wa mu hard disk imodzi ndi wochepa kwambiri, wosakwana n'kambewu ka mpiru komwe. Mtengo wa kompyuta uli m'mafakitale a tchipisi a ku Taiwan ndi South Korea, ofuna madola mabiliyoni ndi magetsi osaphethira. Fakitale ya ZITCO ku Msasa, mu Harare, imalumikiza malaputopu, koma ziwalo zake n'zochokera kunja. Ntchito ya zamagetsi imene derali lingaigwire lero ndi manja ake ndi yokonza. Mnyamata wa m'kashopu ka ku Chegutu, wokhala ndi chowotcherera, galasi lokuza ndi katoni ya mafoni akufa ochotsamo ziwalo, ndiye amachititsa kuti foni ya zaka ziwiri ikhale ya zaka zisanu. Opanga mafoni akamamata mabatire ndi guluu n'kubisa mapulani a bolodi, amene akumulanda chakudya ndi iyeyu.

Chotsala ndi chilankhulo. Sefuliya inkalankhula Chinyanja kuyambira tsiku loyamba, ndipo Radio 4, imene lero ndi National FM, inapatsa Chichewa kanthawi kake pa mphepo ya Zimbabwe. Kompyuta ndi foni zinabwera zikulankhula Chingerezi. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma zolembedwa pa foni yotchipa zikadali m'Chingerezi, ndipo kiyibodi imalimbana ndi wolemba, kusandutsa mawu a Chichewa kukhala achilendo. Adzukulu a matchona ambiri amalankhula Chishona, Chichewa chawo n'chomvera kwa agogo, ndipo sanachiphunzirepo kulemba. Agogowo nawo ambiri sukulu ya pafamu anailekera panjira. Onsewa anakumana pa kabatani kamodzi, kojambulira mawu pa WhatsApp. Gogo wa ku Eiffel Flats amakadinda ndi chala n'kuyamba malonje onse mwadongosolo lake, kufunsa za mvula, za odwala, za amene anatsala pa mudzi, mphindi zinayi zathunthu, kenako amapereka foni kwa mdzukulu kuti aone ngati timizere tiwiri tija tasanduka tobiriwira.